Zipsera za M'denga la Hotela

Ndinachoka kwathu chaka chimene fodya wanga anapsera m'chigafa. Ndikati kwathu ndikunena kumudzi kwa mkazi wanga, Nabanda, kuseri kwa Nsaru, kumene ndinkakhala chikamwini. Ine kobadwira ndi ku Mpingu. Moto uja unatenga zonse zimene tinalima chaka chimenecho, msonkho uli pakhomo, mwana wathu Esitere akungoyamba kukwawa. Apongozi anga sananene kanthu, koma mkamwini amamva ngakhale zimene sizinanenedwe. Mlamu wanga, a Yohane, mlongo wake wamkulu wa Nabanda, anali kale ku Halale, ndipo munthu wina wobwerera kumudzi anafika ndi uthenga wawo woti ndikapita sindikasowa pogwira.

Za ulendo sindikumbukira zambiri. Ndimakumbukira fumbi la pa lole, ludzu la ku Tete, ndi mantha amene ndinali nawo powoloka mtsinje waukulu wa kumeneko, ine munthu wongodziwa Namitete ndi Bua.

A Yohane ndinawapeza atasintha. Ankagwira ntchito yoperekera zakudya mu hotela yaikulu ya azungu, atavala zoyera kuyambira kukhosi mpaka kumapazi, lamba wofiira m'chiuno, chisoti chofiira kumutu. Anandilandira bwino, anandigulira nyama, ndipo analankhula ndi kapitawo wa kampani ina imene inkakonza denga la hotela yomweyo. Koma anandiuza chinthu chimodzi: tikakumana kuntchito ndisawapatse moni, chifukwa bwana wa hotela sankafuna antchito odziwana pachibale. Ndinavomera. Amene wakupezera ntchito sutsutsana naye.

Hotelayo inali yosanjikizana, ndipo pamwamba penipeni, pakati pa siling'i ndi malata, panali malo amene alendo sankawadziwa n'komwe. Ife tinkangoti m'denga. Mmenemo munali matanki a madzi otentha ndi mapaipi ochokera ku boyila, ng'anjo yotenthetsera madzi, amene ankafunditsa zipinda nthawi yachisanu. Munalinso makina atsopano oziziritsa mpweya, ndi mipope ikuluikulu ya malata yopititsa mphepo yozizira kuchipinda chodyera. Vuto linali loti m'dengamo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, moti mphepo yozizira ija inkafika pansi itafunda kale, makina n'kumangobuula tsiku lonse. Mipope yozizirayo inkachitanso thukuta, monga umachitira mtsuko wa madzi kukatentha, ndipo madziwo ankadonthera pa siling'i.

Ntchito yathu inali yoveka zinthu zonsezi. Tinkakulunga mapaipi otentha kuti kutentha kusathawe, kukulunga mipope yozizira kuti kutentha kusalowe, ndi kuyala pamwamba pa siling'i chinthu chimene tinkachitcha thonje la galasi. Pomaliza tinayenera kuboola makoma a m'mbali mwa denga ndi kuikamo mazenera a timatabwa topendekeka, kuti mphepo izilowera m'munsi n'kumatulukira pamwamba.

Wondiphunzitsa anali a Kachingwe, bambo wa ku Kabudula, wamfupi, wa mano otalikirana, amene anali atakwawa m'madenga a tauni imeneyo kuyambira ine ndisanakwatire. Tsiku loyamba anandiyang'ana malaya ndi buluku, n'kundiuza kuti ndivule ndipinde bwinobwino. Ndinaganiza kuti akuseka mlendo. Iwo anali atavula kale, atangomanga kachiguduli m'chiuno. Anandifotokozera kuti thonje la galasi likalowa m'nsalu silituluka ngakhale uchape motani, ndipo munthu wa buluku limodzi ayenera kusankha: kuvala m'denga kapena kuvala mumsewu.

Thonje limenelo limaoneka lofewa ngati la kumunda, koma ndi chitedze chenicheni. Linkalowa m'khosi, m'khwapa, m'zikope. A Kachingwe anandiphunzitsa kusakanda, kusamba madzi ozizira okhaokha, ndi kumanga kansalu konyowa pamphuno. Anandiphunzitsanso kuyenda pa mitanda yokha, chifukwa bolodi la siling'i silinyamula munthu. Chimene sakanatha kundiphunzitsa chinali kulewa mapaipi otentha. M'makona denga linkatsika kwambiri, ndipo tinkakwawa chafufumimba pansi pa mapaipi amene tinali tisanawakulunge. Ukangonyamuka pang'ono, chitsulo chinkakupsompsona pamsana, paphewa, ngakhale pamatako. Bala likapola pankatsala chipsera choyera. Msana wa a Kachingwe unali ngati wa nkhanga.

Iwo anapempha kapitawo kuti tiyambe taboola mazenera a mphepo aja, ntchito yokulungayo ibwere pambuyo. Kapitawo anakafunsa, n'kubwera ndi yankho loti phokoso la nyundo lisokoneza alendo, mazenera adikire hotela ikadzachepa anthu. Choncho tinkagwira ntchito m'malo otsekeka, mpweya wake wa dzulo ndi dzana, wonunkha makoswe.

Ku hositelo kumene tinkagona, anzathu ankadandaula kuti mabulangete awo ayamba kuyabwa chifukwa cha ife, ndipo anatikankhira pafupi ndi chitseko. Sizinatipweteke kwambiri, pakuti mphepo inali pomwepo. Lamlungu tinkakhala panja ndi Anyasa anzathu, kukazinga mtedza, kufunsana za mvula ya kwathu. A Kachingwe ankakonda kunena za ng'ombe ziwiri zimene anagula ku Nambuma koma anali asanazione ndi maso. Ine ndinkatumiza zimene ndikanatha: ndalama ya msonkho, bulangete, nsalu ya Nabanda, kadiresi ka Esitere kamene ndinangoyerekeza msinkhu. Kumudzi ankangodziwa kuti ine ndi a Yohane tonse tili ku hotela.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali la mwezi wotentha, mvula isanagwe, dzuwa lili paliwombo. Tinali kuyala thonje pamwamba pa chipinda chodyera. Pansi pathu pankamveka masipuni ndi kuseka kwa azungu. Kansalu kanga ka pamphuno kanali katagwera penapake mumdima, ndipo fumbi linanditsamwa moti ndinamasula kachiguduli ka m'chiuno n'kukamanga kumaso. M'dengamo tinalimo awiri okha, panalibe wondiona. Kenako mutu unayamba kuzungulira. Ndinamva a Kachingwe akundiuza kuti ndikhale pansi pa mtanda, koma mawu awo ankamveka kutali. Phazi linaphonya mtanda n'kuponda bolodi, ndipo linali bolodi limene thukuta la mipope linali litawoletsa.

Ndinagwera pakati pa matebulo awiri, pamodzi ndi fumbi, zitosi za makoswe ndi zidutswa za thonje. Ndinafikira ntchafu pa mpando, mpando n'kuthyoka. Sindinakomoke, ngakhale mpaka lero ndimalakalaka ndikanakomoka. Ndinali chagada, wamaliseche monga ndinabadwira, chiguduli chili kumaso. Nditachichotsa ndinaona nkhope zoyera zitandizungulira, amuna ndi akazi, mafoloko ali m'manja. Kenako mayi wina anayamba kuseka, n'kudzitseka pakamwa, koma kuseka kunamukanika kukubweza, ndipo ena anamutsatira.

Ndinayesa kubisa ndi manja. Ndinayesa kudzuka, mwendo unakana. Nditatembenuza mutu ndinaona nsapato zakuda zowala pafupi ndi ine, ndipo pamwamba pake panali a Yohane, thireyi ili m'manja, kansalu koyera kali pamkono. Tinayang'anana. Bwana wa hotela anafika akuthamanga, nkhope ili psu, n'kufunsa antchito ngati pali amene akuchidziwa chinthu chimenechi. Chizungu changa chinali chochepa, koma yankho la mlamu wanga ndinalimva lonse. Anati sakundidziwa.

Amene anabwera anali a Kachingwe. Anatsika makwerero akuseri, n'kulowera pakhomo limene munthu ngati iwo sankaloledwa kulowera, ali ndi kachiguduli kawo kokha, thupi lonse lili mbuu. Anali atanyamula thumba limene munkabwera thonje. Anandifunditsa nalo, n'kugwada kutsogolo kwanga.

"Kwerani, achimwene," anatero. "Musayang'ane munthu. Yang'anani khosi langali basi."

Anandibereka ngati mwana n'kudutsa nane pakati pa matebulo onse aja.

Hotela inatithamangitsa tonse awiri tsiku lomwelo. Kampani yathu inatidula malipiro, koma sinatichotse, chifukwa anthu ovomera kulowa m'denga anali osowa. Mwendo utapola anatitumiza kwina: m'denga la nyumba yoonetsera kanema, m'denga la maofesi, m'nyumba za azungu olemera. Ndinamva kuti ku hotela kuja mazenera a mphepo anawaboola sabata yotsatira. A Yohane sanabwere kudzandiona, inenso sindinawafune. A Kachingwe sanatchulepo nkhaniyi ngakhale kamodzi. Patapita nthawi anayamba kutsokomola kosalekeza, mpweya n'kumawathera pamakwerero, ndipo anati akufuna akaone ng'ombe zawo. Ndinawaperekeza kokwerera basi, nditawanyamulira sutikesi. Sindinawaonenso.

Kenako ndinamva kuti a Yohane abwerera ku Nsaru. Kuyambira pamenepo kumudzi kunandiopsa kuposa denga lililonse. Ndinkaona m'maganizo amayi akusinja pamtondo akusimbirana za mkamwini amene anagwa kumwamba ali buno bwamuswe pamaso pa akazi a azungu. Ndinkaona apongozi anga akumva zimenezo. Dzinja linkabwera, anzanga n'kumapita kukalima, ine n'kumanena kuti chaka chamawa. Ndinkatumizabe katundu, koma ndekha ayi. Anthu anayamba kunditchula mtchona. Chimene chinandinyamula chinali uthenga woti mayi anga ali gone ku Mpingu. Ndinafika n'kupeza atawaika kale, ndipo mlongo wanga anangondilozera mtumbira.

Ku Nsaru ndinalowa m'mudzi mutu uli pansi, ndikudikira kuseka koyamba. Sikunabwere. Anthu anandipatsa moni waulemu, ena n'kumandifunsa za zakudya za azungu. Esitere anali atakula, akutha kusenza ndowa, ndipo anabisala kumbuyo kwa amayi ake n'kumafunsa kuti mlendoyu agona kuti. Nabanda anali atazolowera kudzilamulira. Anali ndi munda wake wa fodya ndi chigafa chatsopano chimene mlongo wake anamumangira, ndipo polankhula nane sankagwetsanso maso ngati kale. A Yohane anali ndi kantini pamsika, njinga, ndi mimba. Anandigwira chanza ndi manja awiri, maso ali kumbali. Pamenepo ndinazindikira kuti sanauze munthu aliyense, ndipo ndinapuma ngati wotula mtolo.

Mpumulowo sunakhalitse. Nabanda anaona msana wanga ndikusamba kuseri kwa nyumba. Madzulo ake anayala mphasa ziwiri. M'mawa mwake ndinapeza kuti ndili ndi mbale yangayanga ndi chikho changachanga. Esitere anauzidwa kuti azikagona kwa agogo ake. Pasanathe sabata mudzi wonse unkanong'ona mawu amodzi: khate.

Ndinauza Nabanda kuti ndi zipsera za mapaipi otentha. Iye anandifunsa modekha kuti kodi munthu wogwira ntchito mu hotela, wovala malaya ndi buluku, angapse bwanji pamsana mpaka kumatako, pamene mlongo wake anabwerako wosalala ngati mwana. Yankho ndinali nalo, koma linali ndi mchira. Ndikanati ndinkagwira ntchito wosavala, akanafunsa chifukwa chake, kenako akanakafunsa a Yohane, ndipo zonse zikanatuluka. Choncho ndinabisa, ndipo kubisa kwangako kunamutsimikizira zimene ankaopa.

Abale ake anaitana ankhoswe. Kuchokera ku Mpingu kunabwera amalume anga, a Chimbalanga, atayenda pansi ndi ndodo yawo. Kumbali ya akazi woyenera kulankhula anali a Yohane, poti ndiwo anali mwini mbumba. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya apongozi. Apongoziwo anakhala chapatali ndi amayi ena, atatipatsa mbali monga mwa mwambo, koma makutu ali kwa ife. Ine anandiyikira kampando kangakanga, kotalikirana ndi anthu.

Koma m'malo mwa a Yohane, bambo wina wachikulire wa m'banjamo ndiye anafotokoza kuti palibe amene akudana nane, kuti ndinawasamala ndili kutali, koma pali mwana ndipo matendawa sadziwa chibale. Anati ndibwerere kwathu, ndikapezeko thandizo, ndipo Nabanda amasulidwe. Amalume anandiyang'ana n'kundiuza kuti ngati ndili ndi mawu, nthawi yake ndi imeneyi. Ndinatsegula pakamwa. Ndinaona chitenje cha apongozi anga pakona ya diso, ndipo ndinapatsekanso. Munthu amene sindinadyepo pamaso pake, amene ndikakumana naye panjira ndinkapatukira kutchire, ndimuuze kuti ndinagona chagada wamaliseche pakati pa anthu akudya? Ndinaona kuti kuli bwino kupita ku Mpingu ndi dzina la wakhate.

Amalume anapukusa mutu n'kuyamba kufunafuna ndodo yawo. Pamenepo a Yohane, amene nthawi yonseyi ankangojambula pansi ndi kamtengo, anakonza kukhosi.

"Si khate limenelo," anatero. "Ine ndikudziwa kumene anatenga zipserazo."

Anafotokoza zonse, pang'onopang'ono, maso ali pansi. Ananena za denga, za mapaipi, za thonje loyabwa limene linkachititsa anthu kuvula. Anati iwo ankaperekera mphepo yozizira pamodzi ndi chakudya, osaganiza kuti pamwamba pa mitu yawo pali anthu akupsa. Kenako anafika pa tsiku lija. Ndinkapemphera mumtima kuti adumphe, koma sanadumphe. Atanena za chiguduli chimene chinali kumaso m'malo mwa m'chiuno, mayi wina anaphulika kuseka, ndipo kuseka kunayenda ngati moto wa lupsa. Amayi ankabisa nkhope m'zitenje. Amalume anga enieniwo mapewa ankagwedezeka. Ine ndinkayang'ana nyerere imene inkakoka kachiwala pafupi ndi phazi langa.

A Yohane anadikira kuti anthu atonthole.

"Ndinali ndi nsalu pamkono," anatero. "Ndinali pafupi ngati pamene pali amalumewa. Bwana atafunsa, ndinati sindikuwadziwa. Amene anawafunditsa ndi munthu wa ku Kabudula, wosakhala mbale wawo."

Apa palibe anaseka. Nabanda ankayang'ana mlongo wake ngati akumuona koyamba.

Amene anayamba kulankhula anali apongozi. Sanalankhule kwa ine, analankhula kwa mwana wawo, koma mokweza kuti tonse timve. Anati nkhaniyo aimva, ndipo ndi yomvetsa chisoni, koma munthu akhoza kupsa ndi moto n'kukhalanso ndi khate. Anati iwo anasamalirapo wakhate ali mtsikana, ndipo akudziwa kuti banga la khate silimva kuwawa. Anauza Nabanda kuti akathyole munga wa mthethe.

Choncho ndinayenera kuvula malaya pamaso pa bwalo lonse. Nditatembenuka kuwapatsa msana, ndinamva anthu akukoka mpweya, ndipo wina anati mayo chapansipansi. Sindinadzionepo kumbuyo, koma tsiku limenelo ndinadziwa mmene kunalili.

Nabanda anabwera n'kugwada kumbuyo kwanga. Kuyambira tsiku limene ndinafika anali asanandikhudzepo. Anaika dzanja lake lamanzere paphewa langa, lozizira, lokhakhala ndi ntchito ya fodya. Anandiuza kuti nditsinzine. Ndinadikira. Kenako munga unalowa pakati penipeni pa chipsera chachikulu cha pansi pa phewa, ndipo ndinadumpha pakampando paja ndi kukuwa ngati kamwana. Anabaya pena, ndinadumphanso. Anabaya kachitatu, mwina mopitirira muyeso, ndipo magazi anatsika.

Apongozi anati basi, zakwana. Anthu anayamba kulankhula onse nthawi imodzi, ena akusekanso, amalume akubweza ndodo yawo pansi. Ine ndinakhalabe chomwecho, wopanda malaya, misozi ikutsika, osadziwa ngati ndi ya munga kapena ya chiyani.

Nabanda anapukuta magaziwo ndi nsonga ya chitenje chake. Anatola malaya anga pansi, anawakutumula fumbi, n'kundiveka pamapewa iye mwini.

"Valani, a Phiri," anatero motsitsa mawu. "Anthu akuonani mokwanira. Tiyeni kunyumba."